Thobwa la apongozi pa dashibodi yanga

Galimoto yanga yoyamba ndinagula ndili kale mayi wa ana atatu, nditaphunzitsa zaka zambiri pa sekondale ina kufupi ndi Mitundu. Inali yaing'ono, yoti ena anayendapo kale kunja, koma m'kati mwake munali ngati simunakhalepo munthu. Mipando yotuwa bwino, dashibodi yakuda yopanda ndi kachipsera komwe. Tsiku lomwe inafika ndinalowamo n'kutseka chitseko, osaliza injini, kumangoyang'ana uku ndi uku. Ndinadziuza kuti fumbi la ku Mitundu lichite zake kunjako, koma m'kati muno mukhala chonchi.

Fumbilo silinandimvere. Nyengo yadzuwa limalowa ngakhale mawindo ali otseka, ndipo pofika Lachitatu munthu amatha kulemba ndi chala pa dashibodi. Loweruka lililonse m'mawa ndinkatulutsa makapeti kukawakuntha pa mtengo wa mango, kupukuta paliponse ndi kansanza konyowa, kenako kutenga mswachi wakale n'kumachotsa fumbi m'timipata totulukira mphepo. Ana ndinawaletsa kudyeramo ndipo anamva, poti mwana umatha kumukalipira. Amene anandisowetsa mtendere ndi akuluakulu.

Oyamba anali amuna anga. Tsiku lina ndikuchokera ku kwaya ndinawapeza ali chiimire pambali pa galimoto, akumwetulira.

"Tabwerani muone, mayi. Mumavutika ndi madzi chabe, onani mmene ikuwalira."

Inkawaladi. Anali atapaka dashibodi yonse mafuta ophikira. Titangopita kumsika n'kubwerako, fumbi linali litamatirira ponseponse ngati phala, ndipo ndinathera masana onse ndikuchotsa ndi sopo. Iwo anati vuto ndi msewu.

Ndiye kwathu kuno sungadutse munthu womudziwa ali pansi iwe uli wekha m'galimoto. Mawa lake nkhani imakhala ili ponseponse kuti aphunzitsi aja ayamba kunyada. Choncho ndinkanyamula anthu, ndipo anthuwo ankanyamula zawo. Wina akutafuna nzimbe, wina akuswa mtedza makoko akuponya pansi pa mpando. Mayi wina wa kutchalitchi anakwera ndi nkhuku n'kunditsimikizira kuti ndi yofatsa. Zimene inasiya pa kapeti sindinena.

Koma zonsezi zinali zochepa poyerekeza ndi za tsiku la chinkhoswe. Mwana wamkazi wa mlongo wawo wa amuna anga ankachita chinkhoswe ku Nathenje, ndipo achibale anandipempha kuti ndikamutenge kokonzetsa tsitsi n'kukamusiya pamalo a mwambo. Ndinavomera mokondwa. Lachisanu nditaweruka ndinatsuka galimoto ija kuposa masiku onse, mpaka kudenga kwake ndinapukutako. Ndinagulanso kamafuta konunkhira n'kukapachika pa galasi.

Loweruka m'mawa tinadzera kumudzi kukatenga apongozi anga, amayi awo a amuna anga. Tinawapeza atakonzeka, atavala nsalu yofanana ndi yanga yomwe tonse a banja tinasoketsa, pambali pawo pali chigubu chachikulu chachikasu.

"Muli chiyani umu, amayi?" ndinafunsa.

"Thobwa. Mdzukulu wanga angachite chinkhoswe anthu osalawa thobwa langa?"

"Ndiye tiike kubuti."

"Kubuti likagwa aliona ndani? Ndiligwira ndekha."

Ndinayang'ana amuna anga kuti andithandize. Iwo anayamba kuyang'ana matayala. Apongozi anakhala kutsogolo, chigubu pamiyendo, amuna anga kumbuyo, ulendo unayambika.

Pofuna kufulumira tinadzera msewu wafumbi wodutsa m'midzi. Kunali kotentha kwambiri, msewu uli mabampu okhaokha, ndipo thobwa lija, monga ndinamva pambuyo pake, linali litagona masiku angapo kuti liwawase bwino. Ndinkamva likukhuchumuka m'chigubumo. Titadutsa kamlatho kena ndinaona kuti chigubu chafufuma m'mbali.

"Likufuna kupuma ili," anatero apongozi, dzanja lili kale pa chivindikiro.

"Amayi, dikirani ndiime kaye!"

Sindinamalize n'komwe. Chivindikiro chinathawa m'manja mwawo n'kukagunda kudenga, thobwa n'kutumphuka ngati paipi yaphulika. Galasi lakutsogolo linayera lonse moti sindinkaonanso msewu. Ndinaponda buleki, ndipo kuponda kumeneko kunakhuthulanso lina. Linayenderera pa dashibodi, kulowa m'timipata ta mphepo tija, kulowa mu wailesi, kutsikira pa giya. Lina linkadontha kuchokera kudenga kugwera m'mutu mwanga, tsitsi lomwe ndinakonzetsa dzulo lake.

Kenako apongozi anasuzumira m'chigubu.

"Mayo, thobwa langa! Latsala theka. Inunso mumathamanga kwambiri."

Ndinkayenda pang'onopang'ono moti anjinga ankatipitirira. Koma apongozi sungawayankhe. Kumbuyo ndinamva kaphokoso, nditacheuka ndinapeza amuna anga atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Mukuseka, bambo?"

"Ayi, ndikutsokomola."

Mwamwayi panali mjigo chapafupi. Amayi omwe ankatunga madzi anatibwereka ndowa, ndipo mmodzi wa iwo, ataona nkhope yanga, sanafunse kanthu, anangomasula kansalu kake n'kuyamba kupukuta nane. Koma thobwa si madzi. Ukapukuta apa, timisere ta chimera timasamukira apo. Amuna anga anathira ndowa yathunthu pa mpando wakutsogolo, poganiza kuti akuthandiza, mpando n'kumwa madzi onsewo. Apongozi anakhala pamthunzi atakumbatira chigubu chawo, akufotokozera amayi ena mmene amafululira.

Tinafika ku Nathenje mochedwa. Mtsikana uja anatuluka kokonzetsa tsitsi atawala bwino, anatsegula chitseko, n'kubwerera m'mbuyo.

"Aunt, mwachitika chiyani muno?"

"Funsa agogo ako. Lowa, nthawi yatha."

Ndinamuyalira chitenje pampando wakumbuyo, tinayenda mawindo onse ali otsegula, fumbi likulowa mmene likufunira n'kumakamatirira pa thobwa. Pofika pamalo a mwambo njuchi zinali zitatipeza kale. Amayi olulutira anathamangira galimoto kudzalandira mwana wawo, n'kuyamba kuzikupiza ndi zitenje.

Mwambo unayenda bwino, sindinganame. Thobwa lotsala lija anthu analimwa n'kuliyamikira, ndipo aliyense woliyamikira ankauzidwa kuti likanakhala lambiri pakanapanda mayendetsedwe a mpongozi wawo. Ine ndinakhala kumbuyo, nsalu itauma gwa pamiyendo, ndikumwetulira anthu mano okha.

Masabata otsatira ndi amene anandiliza. Ndinatsuka ndi sopo waufa, ndinatsuka ndi soda, ndinasiya zitseko zotsegula padzuwa tsiku lonse. Fungo lowawasa limachoka m'mawa, dzuwa likatentha labwerera. Nyerere zinapanga mzere kuchokera pa tayala mpaka mu wailesi. Ndikatsegula mphepo, timisere touma timandiulukira kumaso. Mabatani a wailesi anamatirira, moti inatsala pa siteshoni imodzi yokha, yomwenso sindinkaikonda. Mapeto ake ndinapita nayo kwa makaniko mu Lilongwe, amene anamasula dashibodi yonse. Atachotsa anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Kuseri kwake kunali nkhungu yobiriwira.

"Mayi, mumagulitsa mowa?" anafunsa.



Nditabwerako ndinawauza amuna anga kuti akawafotokozere amayi awo, m'mawu aliwonse omwe angasankhe, kuti chamadzimadzi chilichonse malo ake ndi kubuti. Anati akanena. Mpaka lero sindikudziwa ngati ananena.

Patapita mwezi apongozi anafuna kupita kuchipatala kukayezetsa matenda awo a kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinapita kukawatenga. Anakwera opanda katundu aliyense, mtima wanga n'kukhala pansi. Tisanatuluke n'komwe m'mudzi anayamba kununkhiza, akutembenuza mutu uku ndi uku. Anatsitsa windo.

"Koma galimoto yanuyi ikumveka kafungo," anatero. "Muzitsukako nthawi zina. Anthu angamanene kuti mpongozi wanga ndi wauve."

Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri n'kuti, "Ndamva, amayi."