Kwawo kwa Domnica Kunali Pafupi

Domnica Pânzaru anachoka m'mudzi mwawo kufupi ndi Iași mwana wake Otilia asanayambe sukulu. Anayenda pa basi masiku awiri mpaka ku Torino, kumene anapeza ntchito yosamalira okalamba. Agogo atatu a eni anamwalirira m'manja mwake. Wachinayi anali Mayi Ersilia, amene anali ataiwala ngakhale mayina a ana awo.

Ndege zotsika mtengo zitayamba, Domnica ankanyadira pamaso pa aliyense. "Kwathu ndi pakhomo pomwepa. Maola awiri ndi pang'ono, ndafika." Koma ankapita pa Pasaka pokha, poti wodwala wotere sasiyidwa yekha.

Mwamuna wake Ghiță anatsala kumudzi, akulima mphesa ndi kulera mwana. Pa foni sankatha kumuseka.

"Mkazi iwe, ukusambitsa nkhalamba za eni, yako ikununkha kuno!"

"Samba wekha, chidakwa iwe. Manja anakuduka?"

Ankaseka mpaka Ghiță kutsokomola. Chifuwacho Domnica ankachiyesa cha fodya.

Chaka china, mphesa atakolola, anaimba ndi Otilia, amene tsopano anali pabanja. "Amayi, bambo sakudzukanso. Bwerani."

Domnica anakapempha kwa Bambo Fulvio, mwana wa Mayi Ersilia. Iwo anakanda kumutu.

"Pirirani mpaka Loweruka, tipeze wogwirizira. Si paja mumati kwanu ndi pafupi?"

Akanayankha chiyani, mawuwo ali ake omwe? Anadikira. Ghiță anamwalira Lachinayi.

Mu ndege anamupatsa mpando wa pawindo. Anayang'ana mapiri oyera pansi, akufunafuna poyambira kulira. Misozi isanabwere, anamva akulengeza kuti amange malamba, ndege ikutera. Mtima unamuwawa. Bola basi, anaganiza, ikanamupatsa nthawi yoti afike ngati namfedwa.

Kunyumba anapeza makandulo akuyaka, amayi a m'mudzi akuphika tirigu wa maliro. Anavula jekete, napinda manja a bulauzi.

"Ndipatseni madzi ofunda, ndimusambitse."

"Tasambitsa kale, Amayi," anatero Otilia. "Khalani apo, mwatopa."

Anakhala pomwe anamulozerapo. Atafuna kuthira khofi wa alendo, anachita kufunsa posungira makapu m'nyumba yake yomwe.

Maliro atatha anayesa kukhala. Munda wa mphesa sankaudziwa kadulidwe kake, anzake akale ena anali kumanda, ena kunja. Patapita mwezi, Bambo Fulvio anaimba kuti wogwirizira uja wathawa, ndipo amayi awo akukana kudya.

Otilia anamuperekeza ku bwalo la ndege. Pomupatsira chikwama, jekete linatseguka, Domnica n'kuona kuti mwana wake ndi woyembekezera. Panalibe amene anamuuza.

"Liti?" anafunsa, mawu akunjenjemera.

"Chisanu chikamatha. Akabadwa ndidzakutumizirani chithunzi."

Domnica anagwedeza mutu, namukonzera kolala mwana wakeyo, n'kulowa pamzere.