Chipewa cha Mkamwini wa Ometa

Aneba anga ndi ometa tsitsi, ndipo kutchalitchi amakhala kumbuyo kuti aziona bwino makosi a anthu. Akaona tsitsi lofika pakolala amausa moyo mpaka nyimbo kutha. Nyengo ya mpira wogwetsana ikafika kuno ku Ohio amasowa mtendere, poti anyamata a timu ya kufakitale ya zitsulo sameta: tsitsi ndilo limawateteza mutu akagundana.

Chaka chino Emmett, mmodzi wa osewerawo, anakwatira mwana wa anebawo kutatsala tsiku limodzi kuti asewere mpira wotsiriza.

"Iwe, mwana wanga sulowa naye m'tchalitchi uli ngati tchire!" anatero anebawo, n'kumumeta mpala.

M'mawa mwake aneba anagogoda kwanga atanyamula kathumba ka tsitsi, nkhope ili yakugwa.

"Mayi, mwana wanga uja angakhale mkazi wamasiye ngati inu chifukwa cha lumo langa. Tasokererani tsitsili m'chipewa choti Emmett avale, chonde."

Ndinasoka ndikupemphera, ndipo Emmett anasewera atavala chipewacho. Timu inagonja monga mwa masiku onse, koma mutu unabwerako wamphumphu. Aneba amati n'chifukwa choti anasakanizamo imvi za abusa.