Ndakatulo imene ndinaifufuta pa maliro a achimwene

Ndinadzuka kusanache, chisanu cha Mzuzu chitandilowa m'mafupa. Panyumba ya achimwene ku Katawa, amayi a mvano anali atasasa mawu ndi nyimbo, moto ukuvutika pamafuwa chifukwa cha nkhuni zonyowa. Mvula yowaza inali isanakate.

Achimwene anaphunzitsa Chingerezi kusekondale moyo wawo wonse. Mtima wawo unali pa ndakatulo zonena za achinyamata akuda a ku America, a nthawi ija ankaletsedwa kudyera malo amodzi ndi azungu. Akuti anawo ankalowa m'malo odyera a azungu n'kukhala pamipando, osamenya munthu, osatukwana, osachokanso, ngakhale awathire khofi kumutu. Ine ndinkawauza poyera kuti n'zopusa zimenezo. Munthu kundithira khofi, ndimutsanulira chibakera.

Ali m'chipatala, achimwene anapempha chinthu chimodzi chokha: ophunzira awo adzalakatule imodzi mwa ndakatulozo kumanda. Ndondomeko ya maliro inali m'manja mwanga. Nditaona mitambo ndi kuchuluka kwa oyankhula, ndakatuloyo ndinaifufuta. Sindinafunse munthu.

Pofika m'ma teni anthu anali atadzaza msewu, ena atabwera pamalole kuchokera ku Nkhata Bay. Tinapemphera, tinanyamuka, matope akutivula nsapato. Kumanda bokosi linatsitsidwa, adzukulu anagwira mafosholo. Pamenepo ana ovala yunifomu anatuluka m'khamumo, anyamata ndi atsikana, n'kukhala pamulu wa dothi lokwirira, m'matope momwemo.

Ndinapsa mtima zedi. Ndinawakalipira kuti achoke, kuno si kusukulu. Palibe anasuntha. Ndinakweza dzanja pa mnyamata wina, iye anangondiyang'ana osaphethira. Dzanjalo ndinalitsitsa.

Mtsikana wina wochepa thupi anati, "Adada, sitichedwa. Aphunzitsi anatituma."

Kenako alamu, akazi a malemuwo, amene anzawo anachita kuwagwira m'mikono njira yonse, anadzimasula n'kukakhala pakati pa anawo. Ndinauza adzukulu kuti aike mafosholo pansi.

Mtsikanayo analakatula m'Chingerezi, n'kubwerezanso m'Chichewa momwe achimwene anaimasulira. Mawu ake sananjenjemere, mvula ikumuyenderera pankhope. Atamaliza anandiyang'ana n'kundithokoza m'Chitumbuka, "Yewo chomene." Anawo anadzuka okha, dothi linalowa.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Chitenje cha alamu chamatope chinali pachingwe. Ndinatulutsa pepala la ndondomeko m'thumba, lili lonyowa, n'kulembanso mzere ndinafufuta uja.