Tamanda wakana batala ku Kande

Mwaswera bwanji nonse.

Lero Tamanda anangosowa ine ndikugula chinangwa pafupi ndi gombe ku Kande. Paja mukudziwa matenda amene mwana wangayu anabadwa nawo. Adokotala anati nsomba, nyama, mazira ndi nyemba zingamuwononge ubongo. Ndinathamanga nsapato zili m'manja.

Ndinakamupeza pamene azakhali NyaMhone amawotchera nsomba, iwo atamutambasulira dzanja ndi nsomba yonona ya batala. Tamanda anali atabisa manja kumbuyo.

"Landira iwe, mwana wa kunyanja sakana nsomba," anatero azakhali.

"Yewu, zikomo, koma ine zimandidwalitsa. Kondowole mulibe?" anayankha Tamanda.

Ndinangokhala pansi pamchenga. Zaka zonsezi chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti tsiku lina wina adzamupatsa nsomba mwachikondi ine kulibe. Lero anali asanandione kuti ndafika, ndipo wadziyankhira yekha.

Koma azakhali akhumudwa, akuti ndikulera mwana wamwano. Sindikuwadabwa. Ife tinakula nthawi ya chipani chimodzi, ukakana chakudya cha wamkulu unkalandira mbama.

Ndiye abale, ndipite ndikapepese? Chifukwa ine titafika kunyumba ndamukumbatira, ndipo ndamuuza kuti mawa akanenso.