Wisiki m'tikapu ta mankhwala

Linali Loweruka, pa 14 Okutobala 2006, nthawi ili 2 koloko masana, pamene alamu anga anatsegula buti ya galimoto langa pakhomo pawo ku Lawrence, m'mbali mwa mzinda wa Indianapolis. Ankati andithandize kutsitsa katundu. Ine ndinali nditaiwala chimene chinali pansi pa bulangeti.

Masiku amenewo ndinkasamalira madala ena achizungu kunyumba kwawo ku South Bend. Ndinkawasambitsa, kuwameta ndi kuwapatsa mankhwala. Adokotala anali atawaletsa mowa, koma m'kabati mwawo munali botolo la wisiki wa ku Kentucky, uja amati bourbon, amene anakhala zaka khumi ndi ziwiri mumgolo wa mtengo. Madalawo ankangotsegula, kununkhiza, n'kutseka. Lachisanu lake anandipatsa botololo. Anandiuza kamwedwe kake: pang'ono, kadontho ka madzi, mphuno iyambe, lilime litsatire. Kenako anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndilonjeze chinthu chimodzi, choti mowawo usadzakumane ndi soda. Ndinalonjeza.

M'nyumba mwanga mowa sulowa. Lamulolo ndi la mayi a ana, ndipo ndimalisunga. N'chifukwa chake botolo linagona m'buti, n'kuyenda nafe maola atatu mpaka ku Indianapolis.

Alamuwo ndi achimwene awo a mayi a ana, ndipo ndi dikoni kutchalitchi kwawo. Botololo analinyamula ngati khanda, kusuzumira kuchitseko, n'kulibisa m'jekete. Akazi awo ndi mayi a ana anali akukonzekera kale zopita kumasitolo a ku Lafayette Road kukagula nyama ya mbuzi ndi ufa. Galimoto lawo litangokhota, botolo linatera patebulo. Pambali pake panabwera matambula awiri akuluakulu ndi chibotolo cha soda.

"Alamu, mlongo wanga munamutenga waulere, ngakhale nkhuku sindinaione," anatero. "Lero mwakumbuka."

Munthu amene unamutengera mlongo wake n'kovuta kumukaniza. Koma lonjezo linali pakhosi panga. Ndinaganiza kuti amayi akalowa m'masitolo aja satuluka ola lisanathe, ndipo akabwera botolo lidzathawa lokha patebulo. Ntchito yanga inali yodya nthawi.

Ndinayamba ndi matambula. Ndinati mowa umenewu sumwedwa m'chinthu chachikulu, fungo limathawa. M'thumba la jekete langa la kuntchito simusowa tikapu tapulasitiki toyezera mankhwala, tija ta mizere m'mbali. Ndinatulutsa tiwiri. Alamu anayang'ana tikaputo, kuyang'ana chibotolo cha soda, n'kuona okha kuti malo ake palibe.

Nditathira mpaka pa mzere wachiwiri, ndinati mowawo uyenera kupuma mphindi khumi ndi zisanu. Madala anali atati uzipuma pang'ono. Zinazo ndinawonjezera ine. Ndinawonjezeranso zoti timauunika pawindo, ndi zoti timanunkhiza ndi mphuno imodzi, kenako inayo, kukamwa kuli kotsegula. Mpaka lero ndimawaona alamu anga, dikoni wa imvi m'mbali, ataima pawindo, chala chili pamphuno, kukamwa kuli yasa.

Ndinawafunsa chimene akumva. Anati fungo la mowa. Ndinati ayesenso. Anatseka maso nthawi yaitali, n'kunena kuti akumva shuga wopserera pansi pa poto, komanso kwa kalipentala. Ndinadabwa, chifukwa nanenso ndinkamva zomwezo.

Dzanja lawo linayamba kusendera kusoda. Apa ndinakumbuka za kwathu, kuti wobweretsa chakumwa amayamba walawa kuti mnzake asakayike. Alamu sakanatsutsa. Ndinadonthezera madzi, n'kupsipa pang'ono. Unayamba motsekemera, kenako kutentha kunatsika pang'onopang'ono mpaka pachifuwa, n'kusiya kautsi kumbuyo kwa lilime. Ndinachedwa kutsitsa kakapu, ndipo apa sindinkanamizira.

Alamu anatsanzira. Anaimirira, kunyamula chibotolo cha soda, n'kukachibweza m'firiji.

"Ameneyu ndi wamkulu," anatero. "Sasewera ndi ana."

Ndinkayesa ndapambana. Koma anadzithirira kachiwiri okha, mpaka pa mzere wapamwamba, n'kuyamba kufotokoza kuti popeza kwanga mowa sulowa, botolo lingasungike bwino m'galaja mwawo. Dzanja lawo silinachoke pakhosi pa botolo. Ndinkadziwa anzawo amene amabwera m'galajamo kudzaonera mpira, ndi mmene amakondera soda.

Nthawi yomweyo tinamva galimoto. Mbuzi inali itatha kusitolo, ndiye amayi anafulumira. Alamu anakankhira botolo kuseri kwa khushoni. Tikapu tinatsala patebulo. Chitseko chikutseguka, iwo anayamba kutsokomola.

Akazi awo ndi namwino. Anatsitsa thumba la ufa, kunyamula kakapu kamodzi, n'kununkhiza.

"Bambo, mankhwala a chifuwa amenewa ali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi ziwiri," anayankha alamu. Mawu anawapulumuka, ndipo munali kunyada.

Mayi a ana anatula katundu wawo. Anapita pasofa, kusuntha khushoni, n'kutulutsa botolo.

"Linkagunda tayala la sipeya pa maloboti onse a ku Kokomo, m'njira muja tikubwera," anatero. "Ndimadikira kuti munena liti."

Akazi a alamu anali atatsegula kale mpopi kukhitchini, akuti zonse zipite m'sinki. Ine sindilankhula zambiri, koma apo ndinalankhula. Ndinafotokoza za madala, za kununkhiza kwawo, ndi za lonjezo. Ndinati soda sanalowemo, ndipo sinki ndi yoipa kuposa soda. Alamu anavomereza ndi mutu mwamphamvu kwambiri, mpaka akazi awo anawayang'ana.

Anagamula ndi mayi a ana. Anati botolo ndi la odwala, ndipo chinthu cha odwala sichitayidwa, chimabwerera kwa eni ake. Anati m'galaja mwa achimwene awo silikhala, m'nyumba mwathu sililowa. Titadya nkhuku m'malo mwa mbuzi, tinanyamuka dzuwa lisanalowe. Botolo linayenda pamapazi pa mayi a ana. Alamu anatiperekeza mpaka pamsewu, ndipo potsanzikana anandinong'oneza kuti ndiwasiyireko tikapu tiwiri. Ndinawasiyira.

M'mawa mwake ndinalowa ntchito 7 koloko, botolo lili m'manja. Madala analiunika pawindo, n'kuyeza ndi chala pamene mowa unatsikira. Anatsegula, kununkhiza nthawi yaitali, n'kundifunsa za soda. Ndinati sanayandikire n'komwe, n'kuwafotokozera za alamu anga. Anafunsa ngati mlamu wangayo ndi munthu wanzeru. Ndinati anayamba dzulo. Ndinabweza botolo m'kabati, pamalo pake pomwe paja, n'kupita kukatenga madzi otentha oti ndiwamete.