Chikasu pa Tsamba la Alimi

Ndiulule kaye, poti ambiri amene akanandiseka anatsogola kale: ine ndinkakhulupirira kuti mkati mwa kompyuta muli tizitini ta penti. Ndinkati ukagwiritsa ntchito kwambiri mtundu wofiira, tsiku lina udzatha, ndiye wina akwere minibasi kukagula ku Lilongwe. Masiku oyamba ndinkaumira mitundu ngati mchere wopempha. Musandiseke kwambiri. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo moyo wanga wonse ndinadyera bulashi, kulemba zikwangwani za magolosale ndi zigayo kuyambira pa Malomo mpaka ku Msakambewa. Munthu wotero mukamuonetsa mtundu, amayamba wafunsa kukula kwa chitini.

Inali nthawi imene zipani zinali zitachuluka, mabungwe nawonso ali mbwee. Bungwe lina la magulu a alimi linatsegula ofesi pa boma la Ntchisi, n'kundilemba ntchito yolemba zikwangwani za minda yachitsanzo ndi nsalu za pamisonkhano. Ndinagwira zaka zingapo mwamtendere. Kenako anagula makina osindikizira, bulashi yanga n'kuyamba kuuma. Abwana a pa ofesipo, munthu wofatsa koma wosazungulira, anandiitana.

"Madala, azungu otithandiza aja akufuna tikhale ndi tsamba la pa intaneti. Kukubwera mayi wina kudzalikonza. Inu mumadziwa kuyala zilembo. Mukaphunzira kulikongoletsa, mukhala. Mukalephera, sindikudziwa kuti ndikusungirani chiyani."

Mayiwo anabwera, a magalasi, oyankhula pang'ono. Anandikhazika pambali pawo nati mawu ndi zithunzi aika kale, koma zili ngati nyumba yosazira. Mbali yanga inali chinthu chotchedwa CSS. Limeneli ndi tsamba lina lapadera momwe umalembamo malamulo: mitu ikhale yaikulu chonchi, mtundu wake uwu, chithunzi cha mtedza chikhale kumanzere, mawu adutse kumanja kwake. Umatchula chinthu, kutsegula kachingwe kopindika ngati ngowe, kulemba lamulo, n'kutseka. Ukaiwala kutseka, tsamba limangokuyang'ana ngati silinamve.

Zina ndinazigwira msanga. Atandiuza kuti chilichonse pa tsamba chili m'bokosi, ndipo pali mpata wa mkati mwa bokosi ndi mpata wa kunja kwake, ndinati mayi, zimenezo ndinaziphunzira pa khoma la chigayo inu musanamere mano. Koma zala zinandikana. Dzanja lojambula chilembo chowongoka ndili pamakwerero linkasaka batani limodzi ngati nkhuku yotola mapira mumchenga. Za tizitini zija ndinawafunsa tsiku lina monong'ona. Anavula magalasi, napukuta misozi, nati mtundu uliwonse ndi nambala chabe, ndipo nambala siitha.

Kutopa kwake sindinakuonepo. M'mawa kupalasa njinga kukwera zitunda za ku Ntchisi, mawondo akulira. Tsiku lonse kuyang'ana galasi lowala, maso akutuluka madzi. Magetsi akathima, zonse zimene sunasunge zapita, uyambirenso. Pa khoma, ngakhale mvula ikupeze, chimene walemba dzulo umachipeza.

Komabe tsamba linatheka. Kumbuyo ndinaika mtundu wodera, mitu yonse ndinaipatsa chikasu, chifukwa wolemba zikwangwani aliyense amadziwa kuti chikasu chimaoneka munthu ali kutali. Zoti masiku amenewo mtundu uliwonse unali ndi chipani chake ndinkazidziwa bwino. Pa golosale sindinkatsegula chitini ndisanafunse mwini wake kuti ndi mtundu uti umene ungamuthawitsire makasitomala. Koma apa ndinati tsambali aziliona azungu kutsidya kwa nyanja, iwo chikasu chiwalakwira chiyani?

Ndinaiwala kuti lisanapite kwa azungu, liyenera kuonedwa ndi komiti.

Anabwera atavala majekete, nadzaza kaofesi kaja. Atcheya, mlimi wa fodya wa mawu ngati ng'oma, anawerama, nayang'ana, nadzuka pang'onopang'ono.

"Madala, nsalu anakupatsani zingati?"

"Nsalu zanji, atcheya?"

"Zachikasuzi. Kapena anakulonjezani njinga? Ife alimi atiika liti m'chipani chimenechi?"

Ndinati pepani, ndi mtundu chabe. Iwo anati kwathu kuno kulibe mtundu chabe. Mayi a magalasi aja, pofuna kuzimitsa moto, anandikodola kuti ndisinthe. Ndinapita pa mzere umodzi, n'kufufuta nambala, n'kulemba ina. Mitu yonse, pa masamba onse, inasanduka yobiriwira nthawi imodzi. Atcheya anamwetulira mpaka m'makutu.

Amsungichuma, mayi wogulitsa nsalu amene mlongo wake anaimira chipani cha chikasu chija pa chisankho, anakoka mpando. "Ndiye mwachotsa chathu mwaika chawo? Achimwene, inu ndi wolemba zikwangwani kapena wokopa anthu?"

Ndinayesa wabuluu. Wina kumbuyo anatsokomola, nati umenewo nawonso uli ndi eni ake kumpoto. Ndinayesa wofiira, atcheya anagwedeza mutu movomera, amsungichuma n'kuimirira.

Apa ndi pamene ndinaona kuipa kwa chinthu chosavuta. Kale munthu akafuna kuti ndisinthe mtundu wa chikwangwani, ankadziwa kuti ndipala khoma, ndidikire liume, ndiyambirenso, ndiye ankayamba waganiza. Koma komiti itaona kuti chala chimodzi chikusintha zonse, aliyense anafuna kulawa. Uyu akuti zilembo zikule, maso ake ndi ofooka. Uyo akuti chithunzi cha gulu la kwawo chikwere pamwamba, chifukwa chiyani chili pansi pa nkhumba. Nsana unandiwawa, mimba ikulira, ine ndili jo, jo, jo pa mabatani. Dzuwa litapendeka tinagwirizana mtundu wa dothi la katondo, poti palibe chipani chinali chitaufuna. Tsamba linaoneka ngati chulu. Onse anatuluka okhutira.

Abwana anaonerera zonsezi tsiku lonselo, atatsamira chitseko. Komiti itapita, anafunsa mayi aja, ine ndili pomwepo.

"Ndiye kusintha masamba onsewa ndi pamzere umodzi basi? Mlembi wathu wotayipa makalata uja sangathe?"

Mayiwo anandiyang'ana, nayang'ana pansi. Sanali munthu wonama. "Chovuta chinali kuyala," anatero, "ndipo madala ayala bwino. Zotsalazo angathe."

Abwana anandiperekeza mpaka pa njinga, chinthu chimene anali asanachitepo. Anati ndagwira ntchito yotamandika, ndimalize mwezi, ntchito ithere pomwepo. Ndinati zikomo. Kutsika zitunda zija sindinapalase, njinga inkangonditenga.

Kunyumba ndinafotokoza zonse, kuyambira chikasu mpaka katondo, ndikuyesa kuseketsa monga mwa masiku onse. Akazi anga anali akusenda nyemba, ndipo sanaseke. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nakutumula chitenje.

"Chabwino, bambo a ana. Mawa mudzuke nane, mtedza uja ukuolera m'munda. Malaya a ku ofesiwo vulani ndiwachape, ndiwasunge akhale opitira kumaliro."