Lenzi ya 35 ndi Nkhope ya Apongozi

Anthu akamandifunsa chifukwa chake ndimajambula nkhope ndi lenzi ya 85, galasi la kutsogolo kwa kamera lija, ndimangoti imakongoletsa munthu. N'zoona ndithu, koma amene anandisankhira lenziyo ndi apongozi anga aakazi a ku Vubwi, munthu amene sanagwirepo kamera chibadwire.

Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi pa Katete pano: maukwati, ana omaliza sukulu, amayi a kutchalitchi akavala yunifolomu yatsopano. Nditagula kamera yamakono ija yopanda kagalasi m'kati, yopepuka, yosachita phokoso, ndinapeza kuti lenzi imene inabwera nayo inali yaulesi. Kukangochita kamdima m'tchalitchi, nkhope ya mkwatibwi inkatuluka ngati aithira mchenga. Ndinkafunika lenzi yotseguka kwambiri, ya 1.8, imene imalowetsa kuwala kochuluka n'kufewetsa zonse za kumbuyo kwa munthu. Koma malenzi amenewa sakoka. Ukafuna munthu akule pachithunzi, umayenda ndi miyendo yako. Ya nambala yaing'ono imafuna uyandikire kwambiri, ya nambala yaikulu imakulola kuima patali.

Ndinafunsa anzanga pagulu lathu la ojambula la pafoni. Ha, ndinaputa mavu! Wa ku Chipata anati 50 basi, zinazo n'zachibwana. Wa ku Sinda, mnyamata wamwano amene amadziona ngati ndiye anapanga kamera, anati 85, chifukwa 35 imatupitsa mphuno. Wina wa ku Lusaka anatumiza uthenga wamawu wautali moti batire inandithera ndisanamve kumene akulowera. Onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kumene ndinakwatira. Ine ndinasankha 35, chifukwa kachipinda kanga kojambulira n'kothina, ukangobwerera m'mbuyo pang'ono wagunda khoma la telala wosoka zovala woyandikana nane. Lenzi yakale ija ndinaisiya kusitolo posinthanitsa ndi 35 imeneyi.

Sipanapite nthawi, mkazi wanga anabwera kuchokera kumudzi nkhope ili yakugwa. Amayi ake anali atayamba kufooka, miyendo kutupa, chakudya kungolawa. Koma chimene chinkawasowetsa tulo chinali china. Anali atapita kumaliro a mnzawo wa paubwana, ndipo achibale anasowa chithunzi choika pabokosi. Anatenga cha pareji, chitupa cha boma chija, n'kuchikulitsa. Chinatuluka chimbuuzi chokhachokha, nkhope yosadziwika n'komwe.

"Amayi akuti iwo zimenezo ayi," anatero mkazi wanga. "Akufuna chithunzi chimodzi chabwino, choti adzukulu azidzati agogo anali awa. Akuti muwajambule inuyo."

Ndinati nditumize mnzanga, poti ine ndi mkamwini. Yankho linabwera pafoni tsiku lomwelo: pakhomo pali mkamwini wa kamera, aitanirenji mlendo? Basi, ndinalongedza 35 yanga, ine ndi mkazi wanga tinakwera njinga yamoto kudzera ku Chadiza, fumbi mpaka m'mano.

Kumudzi kwa mkazi wanga chipongozi sachiseweretsa. Chikwatirire, ine ndi amayiwo sitinakhalepo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Moni timapatsana patali, ine nditanjuta, maso pansi, iwo atayang'ana kumbali. Mawu ambiri amadutsa mwa mkazi wanga. Zonsezi ndinkazidziwa bwino, koma posankha lenzi sizinandifike m'mutu.

Titafika, amayiwo anawakhazika pampando pakhonde, poti dzuwa linkawapweteka m'maso. Anavala chitenje chatsopano ndi duku loyera, ndipo ang'ono awo, amene ndi apongozi anganso, anaima kumbuyo n'kumawakonza kolala. Ine ndinaima pamalo anga a masiku onse, pafupi ndi nkhokwe, n'kusuzumira m'kamera. Abale inu! Munalowa nyumba yonse, mtondo, mbuzi ziwiri, njinga yotsamira khoma, ndipo pakati pa zonsezo apongozi anga, ang'onoang'ono ngati njere ya nsawawa.

Ndinasendera pang'ono. Iwo anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinasenderanso, chokwawa ndi maondo, kuti mwina ulemu uchuluke. Anakoka nsonga ya chitenje n'kuphimba pakamwa.

"Auzeni amayi ayang'ane kuno," ndinanong'oneza mkazi wanga.

"Akuti ayang'ana bwanji inu muli pamphuno pawo?"

"Auzeni kuti si ine, ndi lenzi."

Ang'ono awo aja sanadikire kuti mawu adutse mwa wina. "Akamwini, zayamba liti zimenezi? Kamera yanuyo ilibe maso? Anzanu amajambula ali uko!"

Ndinapsa mtima, koma mkamwini amapsera mtima m'mimba. Ndinapatsa mkazi wanga kamera, n'kumuonetsa pokanikiza, ine n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Kamera zimenezi zimadzifunira zokha diso la munthu, zikalipeza zimaikapo kabokosi kobiriwira. Ndiye inapeza diso la ang'ono awo amene ankasuzumira kumbuyo. Zithunzi zonse zinatuluka iwo ali ngwee, tsinya lililonse likuoneka, mwini wake chithunzi ali mbuu ngati utsi. Titawachotsa ang'onowo, mkazi wanga anadula duku pachithunzi, kenako anadula chibwano, kenako anajambula denga. Pamenepo n'kuti amayi atatopa, mutu ukulendewera. Anawalowetsa m'nyumba.

Titabwerera kunyumba ndinayesa kudula zithunzi zimene ndinajambula ndili patali kuti nkhope ikule, koma pa zonse anali atayang'ana kumbali, kukuoneka khutu ndi tsaya basi. Mkazi wanga anati ndidekhe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuuza kuti mwambi wakewo akauze lenzi. Ndinanena mwaukali, koma m'kati ndinali ndi mantha, chifukwa foni iliyonse yochokera kumudzi inkati amayi lero sanadzuke bwino.

Panalibe kuchitira mwina, ndinakwera minibasi kupita ku Sinda kukabwereka 85 kwa wamwano uja. Anandisekadi mpaka misozi. Anaitana ndi wometa tsitsi wa pafupi kuti adzamve nawo za munthu amene anakwawira apongozi ake ndi kamera. Anandilangiza za kuwala, za mthunzi, za kagwiridwe, ine amene ndinayamba kujambula iye akadali kusukulu. Ndinangoti inde, inde, mano ali gwa, mpaka anandipatsa.

Mvula inali itayamba, msewu wa ku Vubwi uli phala lokhalokha. Tinafika matope mpaka m'maondo, ine kamera nditaikulunga m'mapepala apulasitiki pansi pa malaya. Amayi anali ataonda kuposa poyamba. Anawanyamula anthu awiri kuwaika pampando uja, duku lomwe lija.

Ndinaima pankhokwe, ndinaona kuti ndikadali pafupi. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kubwereranso, maso ali m'kamera, mpaka phazi linalowa m'ndowe za pakhomo pa khola, fwaa! Ndinaterereka n'kukhala pansi, kamera nditaikweza m'mwamba ngati mwana wakhanda. Pakhonde panabuka chiseko. Ndipo amayi, poona kuti mkamwini ali kutali, komanso ali m'ndowe, anayang'ana kumene ndinali, akuseka.

Sindinadzuke. Ndinaloza kamera ndili chikhalire pomwepo, kabokosi kobiriwira kanakagwera padiso lawo, ndinakanikiza. Nyumba, khoma, ang'ono awo, zonse zinasungunuka kumbuyo, inatsala nkhope yokha yodzaza kamera. Zaka zonsezi ndinkadziwa mapazi awo, mawu awo ndi nsana wawo akamapatuka panjira. Sindinkadziwa kuti ali ndi mphini ziwiri pafupi ndi diso, kapena kuti akamaseka tsaya limodzi limalowa m'kati monga amachitira mwana wanga wamkazi. Ndinachita manyazi, ndinachotsa diso m'kamera msangamsanga.

Mkazi wanga anawapititsira kamera kuti adzione. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Auzeni akamwini kuti zikomo. Akasambe."

Lenzi ndinakabweza ku Sinda, ndipo mwezi womwewo 35 ija ndinaisinthanitsa ndi 85 yangayanga. M'kachipinda kanga kojambulira tsopano ndimaima panja pa chitseko, telala n'kumandifunsa ngati andithamangitsa chifukwa cha lendi.

Amayi anatisiya chimanga chisanakhwime. Chithunzi chinatsogolera bokosi kuchokera pakhomo mpaka kumanda, chitanyamulidwa ndi mdzukulu wawo wamkulu, ndipo azimayi a m'mudzi ankachigwira polira. Maliro atatha, mkazi wanga anabwera nacho kuno ku Katete. Ndinamupempha kuti tichiike kuchipinda kwa ana. Anakana. Anachikhoma pabalaza, moyang'anizana ndi tebulo lodyera, pamalo pomwe ndakhala ndikudyera zaka zonsezi.

Tsiku loyamba ndinasamba m'manja, ndinatema mbamu ya nsima, ndinakweza maso, apongozi akundiyang'ana n'kumaseka. Mbamuyo ndinaibweza m'mbale. Ndinauza mkazi wanga kuti ichi n'chipongwe, munthu sadya apongozi akumuona. Iye anati chithunzicho ndinajambula ndine, ndipo sachichotsa. Ana anaseka mpaka kutsamwa.

Ndinanyamula mpando wanga n'kuuzungulitsa mbali ina ya tebulo. Mpaka lero ndimadya nditafulatira khoma limenelo.